Matewera pa Kompyuta ya Kuntchito

Kodi mukuganiza kuti n'chiyani chinkaulula mayi wina wokonza makadi a ukwati? Anali ndi pakati pa miyezi iwiri, ndipo sankafuna kuti abwana adziwe asanamulembe ntchito yokhazikika. Anangoyang'anapo kamodzi zovala za khanda pa tsamba la pa intaneti la sitolo ina, pa kompyuta ya kuntchito. Kenako anaika pulogalamu yotchinga zotsatsa malonda, n'kufufuta mbiri yonse ya masamba amene anatsegula. Koma akangotsegula tsamba la sitoloyo kuti aitanitse mapepala, zithunzi zotsatsa matewera zinkadzaza sikirini, abwana ali chapafupi.

Pa nthawi yopuma masana anaitana mlamu wake wokonza makompyuta.

"Alamu, sindidya mpaka timupeze kazitapeyu."

"Ndiye mudya mawa," anaseka mlamuyo. "Nkhope mwaphimba, koma akukudziwani ndi kayendedwe. Tsamba limafunsa kompyuta zonse zimene ili nazo."

Mayiyo anakokera mpando pafupi. Awiriwa anayamba kusintha zinthu chimodzichimodzi, chinenero, nthawi, kukula kwa sikirini, koma matewera sanachoke. Atabisa chinthu chomaliza, matewerawo anazimiririka.

Chinthucho chinali mitundu mazana anayi ya zilembo zokongoletsera makadi, imene mayiyo mwini wake anaiika mu kompyutamo. Panalibe kompyuta ina yokhala ndi mndandanda ngati umenewo, choncho tsambalo linkaizindikira nthawi zonse.