Bedi Loyera la ku Ilha

"Chikwamachi anyamule mwini hotela," anatero Mayi Conceição ataima njii pakhomo, nsalu yawo ya kapulana yakuda ili fumbi lokhalokha.

"Amayi, anthu akutiyang'ana," ananong'ona mwana wawo Sitefano.

"Ayang'ane. Bambo ako ankawayang'ana ndani?"

Bwana wa tayi anatulukadi mu ofesi, nanyamula chikwamacho akumwetulira mokakamiza. Mtima wa mayiwo unazizirako pang'ono.

Maliro a amuna awo, a Benedito, anali atangoikidwa kumene kumudzi kwawo ku Chiuta, m'chigawo cha Niassa. Malemuwo anakalambira m'hotela yomweyi ya ku Ilha de Moçambique, pafupi ndi nyumba zamiyala zamakedzana, akuyalira alendo mabedi ndi kuweramira aliyense. Manja atayamba kunjenjemera anauzidwa kuti akapume kwawo, kutayidwa ngati chikwanje chobuntha. Pamaliro a kuhotelako sanatumize ngakhale kandulo.

Abale anati namfedwa sachoka pamudzi asanamete. Mayi Conceição anamva, koma anakwerabe komboyo, sitima ya pamtunda ija, pa Entre Lagos. Ankafuna chinthu chimodzi basi: amene anadya mphamvu za amuna awo awaweramire iwonso. Sitefano atapeza pafoni kuti zipinda zake n'zotsika mtengo nyengo ino, mkwiyo unangowonjezeka. Malo odya moyo wa munthu n'kukhalanso otchipa!

M'chipinda anaonetsa anthu zakuda. Tiyi woyamba anabweza ati wazizira, wachiwiri ati akufuna kuwawotcha lilime. Matawulo oyera anapukutira nsapato. Sitefano atatopa nazo anatuluka kukaona linga lakale.

Linatsala bedi, lalikulu, loyera mbee. Ulendo wonse ankalota mmene akalipondere ndi mapazi afumbi. Anakweza phazi, koma linabwerera lokha. Namfedwa sagona pabedi. Mwambo wina anauphwanya mosavuta, koma uwu unali wa Benedito, ndiwo maliro ake enieni. Anakhala pansi pa matailosi ozizira nayamba kulira, osati ndi chisoni koma ndi ukali, poti ngakhale kubwezera kunali kuwakanika.

Chitseko chinagogodedwa. Analowa mayi wachikulire wokonza m'zipinda, dzina lake Ivone litasokedwa pachifuwa, mphasa ili m'khwapa.

"Sindinaitane munthu ine," anakalipa Mayi Conceição.

"Pepani, mama," anayankha Ivone m'Chinyanja chothyokathyoka. "Ndaona kapulana yakuda."

Anagwada, nayala mphasayo m'mbali mwa bedi, nkuisalaza ndi chikhatho.

"Wakutumani ndi bwana wanu uja?"

"Iyayi, bwana sadziwa zimenezi. Mphasayi anagula ndi madala wina wa ku Niassa ankagwira ntchito pano, ndiyenso anandiphunzitsa chilankhulo chanu. Ankati alendo ena amabwera atafedwa, ndipo wolira asamachite kupempha pogona." Anaseka pang'ono. "Anapita kwawo kukapuma. Bwana akuti ali bwino, akulima mpunga."

Mayi Conceição analuma mlomo. Bwanayo anali atamuimbira foni iwo eni tsiku la maliro, kumuuza kuti Benedito wamwalira. Ameneyo amuonabe asanachoke, ndipo amva mawu oti sadzawaiwala.

Ivone anadzuka kuti azipita. Mayiwo anakhwekhwerezekera pamphasapo, nasendera mbali imodzi kusiya malo.

"Musapite, achemwali," anatero chapansipansi. "Takhalani apa ndikuuzeni."