Bala Limene Dokotala Anakana Kusoka

Kwa sabata yathunthu, a Telala ankakhalira thako limodzi pampando wawo wosokera. Thako linalo linali ndi chithupsa. Chinayamba ngati kachiphuphu, koma tsopano chinali chitakula ngati chibakera, chofiira, chotentha, chili ndi timabowo totuluka mafinya.

A Telala anali ndi matenda a shuga, ngakhale mankhwala ankamwa akakumbukira. Za chithupsacho sanauze munthu chifukwa cha manyazi. Ankangopalasa makina atapendekeka, mpaka mphunzitsi wina anabweza thalauza yake. Mwendo umodzi unali wautali kuposa unzake.

"Bambo, bwanji masiku ano mukudya choimirira ngati mlonda?" anafunsa akazi awo.

"Ndikulimbitsa miyendo, mayi."

"Nanga thupi likutentha ngati simbi chonchi? Tiyeni kuchipinda ndikaone."

Atachiona anafuula, mpaka mchimwene wa mayiwo wokonza njinga, amene anali pakhonde, analowa chothamanga.

"Alamu, gonani chafufumimba," anatero wokonza njingayo. "Ndipatseni singano yaikulu ija ndichiboole, kenako tipakepo mankhwala otsukira mano."

Mwamwayi, mayiwo anali ataitana kale namwino wokhala nyumba yoyandikana ndi yawo.

"Ikani singanoyo pansi, achimwene, ili si tayala," anatero namwinoyo. "Kwa munthu wa shuga, chithupsa chotere sichifinyidwa kunyumba. Tizilombo timafalikira msanga pansi pa khungu, ndipo tikalowa m'magazi munthu amatha kufa. Thupi latentha kale. Tipite kuchipatala lero lomwe."

Atamva za imfa, manyazi a a Telala anathera pomwepo.

Kuchipatala anapeza shuga atakwera kwambiri. Dokotala anati pakufunika opareshoni.

"Mundidula thako lonse?" anafunsa a Telala. "Nanga ndizikhalira chiyani?"

"Thako likhalapo, bambo. Ting'amba chithupsachi, tichotse mafinya ndi mnofu umene wafa. Tikupatsani mankhwala kuti musamve ululu."

Opareshoni inayenda bwino. Anawaika diripi ya mankhwala opha tizilombo ndi kuwabaya jakisoni wotsitsa shuga. M'mawa mwake, dokotala atabwera, a Telala anafunsa mwaukatswiri:

"Mwasoka ndi ulusi wanji, adokotala?"

"Sitinasoke. Bala talisiya lotsegula, taikamo nsalu yoyera."

"Simunasoke!" A Telala anadzuka ndi zigongono. "Zaka makumi atatu ndikugwira ntchito, sindinapatsepo munthu chovala chong'ambika. Ngati ulusi wakutherani, mayi akatenge wanga!"

Odwala onse m'chipindamo anafa ndi phwete. Dokotala naye anaseka, kenako anafotokoza.

"Tikasoka, titsekera tizilombo m'kati, ndiye mafinya ayambiranso. Bala lotere limapola kuyambira pansi kubwera pamwamba. Chofunika ndi kulitsuka, kusintha bandeji tsiku lililonse, ndi kuonetsetsa kuti shuga asakwere. Shuga akakwera, bala silipola."

Atatuluka m'chipatala, ankapita kukatsukitsa bala m'mawa uliwonse. Akazi awo anaphunzira kusamba m'manja ndi sopo asanagwire bandeji, komanso kuyang'ana ngati balalo likununkha, kutupa kapena kufiira m'mbali. Mlamu uja atabwera kudzazonda ndi botolo la chakumwa chozuna, mlongo wake anamumwetsa yekha lonse ali chiimire pakhomo.

Patatha masabata awiri ululu unatha, a Telala n'kuyamba ulesi.

"Ndachira ine, kuchipatala ndikatani?"

"Ululu ndi umene watha, bala lilipo," anayankha namwino woyandikana nawo uja ali pawindo. "Valani nsapato, tipitire limodzi."

Pa sabata yachisanu ndi chiwiri, dokotala ananena kuti bala latsekeka. A Telala anabwerera pamakina, ndipo mankhwala a shuga sadumphitsanso.

Masiku ano aliyense wodzasoketsa amalandira phunziro akumuyeza m'chiuno. Wina akaoneka wokayika, a Telala amagwira lamba kuti amuonetse chipsera.

"Bambo, akhulupirira kale!" amakuwa akazi awo.

Phunzirolo ndi ili: ngati muli ndi matenda a shuga, musabise chithupsa kapena chilonda, ngakhale chili pamalo ochititsa manyazi. Musachifinye, musachiboole. Pitani kuchipatala msanga, musaope opareshoni, ndipo samalirani bala mpaka dokotala atanena kuti lapola.