A Chirwa Aphunzira Chifalansa

A Haswell Chirwa anayamba kuphunzira Chifalansa mutu uli kale mbuu ndi imvi, ndipo chimene chinawayambitsa ndi ukwati wa mwana wawo.

Iwo anali mmisiri wa matabwa. Kwawo kunali ku Kasungu, ku Malawi, koma anawoloka malire akadali mnyamata kudzamanga zigafa za fodya, nakwatira mkazi wa ku Mphamba, Agatha Zimba, osabwereranso. Shopu yawo ya mipando ndi zitseko inali kuseri kwa msika pa boma la Lundazi. Ngakhale anakhala m'Zambia zaka zambirimbiri, anthu ankawatchulabe kuti "a Malawi", chifukwa iwo ankati "bwerani" pamene ena onse ankati "bwelani".

Mwana wawo wachisamba, Racheal, anali namwino ku Chililabombwe, kufupi ndi malire a dziko la Congo. Tsiku lina Lamulungu mvula ili mkati anaimba foni nanena kuti kuli mwamuna amene akufuna kumukwatira. Dzina lake anali Serge Ilunga, wa ku Lubumbashi, ndipo ankagwira ntchito yowolotsa magalimoto a katundu pa chipata. Makolo ake ankafuna kubwera ku Lundazi anthu akatha kukolola.

"Nanga amalankhula chiyani anthu amenewa?" anafunsa a Chirwa.

"Chifalansa na Chiswahili, adadi. Koma osadandaula, Serge azamasulila."

Mawu amenewa ndi amene sanawakhale bwino a Chirwa. Abale awo ambiri a ku Kasungu anali atamwalira, otsalawo anali okalamba osatha kuyenda, ndiye wolankhula pa nkhaniyo anali iwo omwe, mlamu wawo ali pambali.

"NyaZimba," anauza akazi awo, "munaona kuti wofunsira mbeta ali yemweyonso womasulira nkhani yake? Ine ndizingogwedeza mutu ngati gulo, mwana wanga akupita?"

"Manje muzachita bwanji, awisi Racheal?"

"Ndiphunzira."

Mai Agatha anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Koma Loweruka lotsatira a Chirwa anatseka shopu masana, nakwera njinga kupita ku nyumba za aphunzitsi a ku sekondale. Kumeneko kunkakhala Madame Mujinga, mayi wa ku Likasi amene anakwatiwa ndi mwamuna wa m'Zambia ndipo ankaphunzitsa Chifalansa. A Chirwa ankamudziwa chifukwa anamupangirapo shelefu ya mabuku.

Madame Mujinga sanaseke. Anamvetsera mpaka a Chirwa anamaliza, kenako anatulutsa mipando iwiri pakhonde.

"Miyezi yamene mwakamba niyochepa, ba Chirwa," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Simuzakamba monga munthu wa ku Lubumbashi. Koma kupeleka moni, kulandila alendo, na kumvelako pang'ono, tingayese. Naine Chinyanja ninachiphunzila nili mukulu, mu maliketi. Tonse ndise alendo kuno."

Zina zinawalowa msanga. Atamva kuti wamkulu amamuti *vous* ndipo mwana kapena mnzako amamuti *tu*, anati palibe chachilendo, ndi "inu" ndi "iwe" basi. Chimene anakangana nacho ndi chakuti chinthu chilichonse chimakhala chachimuna kapena chachikazi.

"Tebulo ndi lalikazi?"

"*La table*. Ee."

"Madame, ine matebulo ndapanga osawerengeka. Ndimawatembenuza miyendo m'mwamba popaka vanishi. Sindinaonepo kanthu."

"Mupando naonso ni mukazi. Benchi ni mwamuna. Osafunsa chifukwa, sungani chabe."

Panalinso *r* wa Chifalansa, wochokera kukhosi ngati munthu akuchukucha madzi a mchere. A Chirwa ankayeserera ali yekha m'shopu, akupala thabwa, mpaka wosoka nsapato woyandikana nawo anabwera kudzafunsa ngati atsamwa.

Pa msika mphekesera sizinachedwe: nkhalamba ikutseka shopu Loweruka lililonse kukakhala pakhonde la mkazi wa mwini. Mai Agatha atazimva sanafunse kanthu. Anangonyamula lichero la mtedza n'kutsagana nawo, ndipo kuyambira pamenepo ankakhala pamphasa pambali, akuswa mtedza, amuna awo akuvutika ndi *je suis*, *tu es*, *il est*. Nthawi zina a Chirwa akaiwala mawu, yankho linkachokera pamphasapo.

Madame Mujinga sankaphunzitsa mawu okha. Anawauza kuti azibambo akwawo akakumana pa nkhani yaulemu amagwirana chanza n'kugundanitsa mitu pambali pa chipumi, uku ndi uku. Anawayeseza ndi amuna ake mpaka a Chirwa anasiya kugunda ngati nkhosa. Anawauza kuti asadabwe mayi wachilendo akawayandikitsa tsaya, ndiponso kuti asanayambe kudya anene *bon appétit*.

"Na nsapato," anatero akuyang'ana mapazi a a Chirwa odzaza utuchi. "Bantu ba kwathu bazayamba kuona nsapato, nkhope pambuyo."

Chovuta kuposa zonse chinali kumva. A Chirwa ankatha kunena zimene analoweza, koma Madame akatsegula wailesi ya Chifalansa pa foni, mawu onse ankangomveka ngati madzi otsika pa mathithi.

"Osathamangila mau onse," ankatero mphunzitsiyo. "Onani mwamene bachitila ba mai apa. Makoko bataya, nshawa basunga. Tolani chabe yamene muziba."

Alendo anafika kumayambiriro kwa Juni pa basi yochokera ku Lusaka, atatopa ndi ulendo wautali koma atavala ngati akupita ku phwando. Analipo Serge, bambo ake amene onse ankawatchula kuti Papa Ilunga, ndi mayi ake. Racheal anali atatsogola kale kudzathandiza kukonza pakhomo. Papa Ilunga anali wamtali, wa suti yotuwa, mphunzitsi wopuma ntchito. A Chirwa anawalandira pa geti, nsapato zikuwala, nagundana nawo mitu monga anaphunzirira.

"*Soyez les bienvenus chez nous*," anatero, kuwauza kuti alandiridwa pakhomo pawo. Anapitiriza kunena dzina lawo, la akazi awo, ndi kuti akondwa kuona makolo a Serge.

Papa Ilunga anakweza manja ndi chimwemwe nayankha mawu ambirimbiri mothamanga. A Chirwa anatolapo *merci* ndi *famille* basi. Anangomwetulira, ndipo mlendoyo anazindikira kuti Chifalansa cha mwini nyumba chathera pa moni. Kuyambira pamenepo nkhani zinkadutsa mwa Serge. Mayi ake a Serge, zinadziwika, Chifalansa sankachikonda n'komwe. Ankalankhula Chiswahili ndi Chibemba pang'ono, ndipo posakhalitsa anali kukhitchini ndi mai Agatha, akumvana ndi manja ndi kuseka.

Atatha kudya masana, azibambo anakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira mlamu wa a Chirwa, amene ankachokera ku Mphamba, kuti nkhani iyambe. Mpando wa Papa Ilunga unkagwedera, ndipo a Chirwa anagwada pambali kuti aike kamtengo pansi pa mwendo wake. Ali chogwada choncho, Papa Ilunga anatembenukira kwa mwana wake nafunsa motsitsa mawu:

"*Tu leur as parlé de ta fille?*"

"*Pas encore, papa. Après le mariage.*"

A Chirwa anatola *fille*, mwana wamkazi. Poyamba anaganiza kuti akunena Racheal. Koma bamboyo sanati *sa fille*, mwana wake wa uyu. Anati *ta fille*, mwana wako, ndipo ankalankhula ndi Serge. Yankho nalo analimva lonse: ayi, sindinawauze, ndidzawauza ukwati ukachitika.

Anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, nakhala pampando wawo. Anakonza mawuwo m'mutu kaye kuti asalakwitse.

"*Quelle fille?*" anafunsa. Mwana wamkazi uti?

Serge anayang'ana pansi. Papa Ilunga anavula magalasi nayamba kuwapukuta ndi mpango.

A Chirwa anaitana Racheal. Anabwera manja ali onyowa, ndipo ataona nkhope za anthuwo anagwada patali pang'ono.

"Mwamuna uyu ali ndi mwana?"

"Ee, adadi. Mukazi. Ali na zaka sikisi, zina yake ni Merveille. Amai bake banamwalila ali kakhanda. Ankhala na ambuya bake."

"Iwe umadziwa?"

"Kuchokela pa kuyamba. Serge sananibise. Ndine ninamuuza ati tisakambe manje. Ninayopa ati muzakana."

"Unaopa kuti ndikana, ndiye unaona kuti kuli bwino ndivomere chinthu chimene sindikuchidziwa."

A Chirwa anaimirira, natenga njinga, natuluka pa geti alendo ali pomwepo.

Anapita ku shopu. Anavula jekete, nakoleka pa msomali, nayamba kupala chitseko chimene sichinali chofulumira. Mkwiyo wawo sunali pa mwanayo. Amuna ofedwa amakwatira, ndipo ana amasiye amaleredwa. Chimene chinkawawawa n'chakuti anakonzeka miyezi yonseyi kuti alendo asawadutse m'mbali, koma wowadutsa anali mwana wawo yemwe.

Dzuwa litapendeka, pakhomo pa shopu panaima munthu. Anali Papa Ilunga, yekha, fumbi lofiira litakwera mpaka m'mathalauza. Mai Agatha anali atawalozera njira. A Chirwa anapukuta benchi ndi dzanja, ndipo mlendoyo anakhala.

Panalibe womasulira. Papa Ilunga anayamba kulankhula pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi, monga ankachitira kale ndi ana a sukulu. Anatulutsa foni naonetsa chithunzi cha kamtsikana kovala yunifolomu ya buluu ndi yoyera, mano akutsogolo ataguluka.

"*Merveille. Sa mère est morte.*"

"*Oui*," anatero a Chirwa. Zoti mayi ake anamwalira anali atamva kale.

Papa Ilunga anadziloza pachifuwa, nanena kuti iwo anauza mwana wawo asananyamuke kuti anene zoona. Anabwereza kawiri mpaka a Chirwa anagwedeza mutu. Kenako anapepesa nati, "*Pardon*," atagwira chipewa m'manja.

A Chirwa anafuna kunena zambiri: kuti mwana sabisika, kuti Racheal akukalowa m'nyumba imene muli kale munthu, kuti iwonso analeredwa ndi mayi owapeza ndipo akudziwa mmene zimakhalira zikayamba molakwika. Mawu a zonsezo analibe. Anasonkhanitsa ochepa amene anali nawo.

"*Je veux voir l'enfant*," anatero. Ndikufuna kumuona mwanayo. Analoza pansi. "*Ici. Avant le mariage.*" Kuno, ukwati usanachitike.

"*D'accord*," anavomera Papa Ilunga.

Anakhalabe pang'ono. Mlendoyo anasisita chitseko chija nafunsa dzina la mtengowo, ndipo a Chirwa anati ndi mukwa. Anabwerera kunyumba wapansi, a Chirwa akukankha njinga. Mlamu wawo anali atafika kale ndipo anali atauzidwa zonse. Nkhani ya ukwati inakambidwa m'mawa mwake, ndipo tsiku anagwirizana kuti adzalitchula mwanayo akadzabwera. Racheal anapepesa kwa bambo ake asananyamuke.

Loweruka a Chirwa anafotokozera Madame Mujinga zonse. Mphunzitsiyo anawauza kuti abwereze mawu a Papa Ilunga monga anawamvera, ndipo anavomereza kuti anamva bwino.

"Manje tasiliza?" anafunsa.

"Ayi. Kukubwera mwana, ndipo Chinyanja sadziwa."

Sukulu za ku Congo zitatsekera mu Julaye, Racheal anatenga tchuthi nabwera naye Merveille. Anafika m'mawa kuli mphepo ya chiperoni, mwanayo atavala diresi lopyapyala la maluwa. Anakana kutsika pamsana pa Racheal, ndipo atamutsitsa anaima pakona pa khonde atagwira kachikwama kake. Mai Agatha anamupatsa mbatata yootcha, koma mwanayo anapukusa mutu. Anamupatsa tiyi, anapukusanso. Racheal analowa m'nyumba kukaika katundu.

A Chirwa anakokera mpando pafupi, osayandikira kwambiri.

"*Bonjour, Merveille. Je suis le papa de Racheal.*"

Mwanayo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako ananena kanthu motsitsa kwambiri.

"*Encore?*" anatero a Chirwa, akuloza khutu lawo kuti abwereze.

"*J'ai froid.*"

"NyaZimba," anaitana, "mwanayu sakukana chakudya ayi. Akumva kuzizira. Tabweretsani juzi."

Mai Agatha anabweretsa juzi yawo yofiirira, imene inamufika mwanayo m'mawondo. Anamupindira manja a juziyo katatukatatu. Merveille anakhala pa sitepe pamene panali kadzuwa, ndipo patapita kanthawi anatambasula dzanja natenga mbatata ija.