Tchire la Pamalire

Ankamutcha Chingwe, chifukwa mzere uliwonse m'munda mwake ankaukoka ndi chingwe. Udzu ukangoti umere, khasu linali pomwepo. Mitengo anagwetsa kalekale osasiya ndi chitsa chomwe, ndipo mpope wake wa mankhwala ankaubereka kuposa mmene anaberekerapo mwana wake aliyense. Zaka zisanu zotsatizana mlangizi wa zaulimi ankabwera ndi alimi akutali kudzaona munda umenewu, Chingwe ataima kutsogolo ndi malaya osita, akuloza uku ndi uku. Kunena zoona, munthuyu ankalimira tsiku limenelo. Zokolola zinali zongotsatira.

Kuseri kwa malire kunali munda wa mlamu wake, mkazi wa malemu mng'ono wake. Chingwe sankautcha munda, ankati ndi kogona njoka. Chimanga, nyemba, maungu, zonse malo amodzi, ndipo m'malire monse mayiyo anasiya tchire lofika m'chiuno, la maluwa akuthengo ndi zitsamba, pakati pake pali mtengo wakale wamphako momwe munkakhala njuchi.

Chaka chimenecho Chingwe anadzala mpendadzuwa kwa nthawi yoyamba, kuti alendo akadzabwera adzagwire pakamwa. Maluwa atangoyamba kumasula, munda wonse uli chikasu, mlangizi anaimika njinga yake yamoto m'mphepete mwa msewu.

"Bambo, chaka chino alendo tipita nawo kwa alamu anu," anatero. "Mbozi zavuta dera lonse, koma kwa iwo zangolawa. Mbalame, mavu ndi nyerere za m'tchire lija zikuwagwirira ntchito. Anthu akuyenera kuona zimenezi."

"Aone tchire? Kwawoko kulibe tchire?"

Mlangizi anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, n'kuliza njinga ulendo.

Nsanje inamulowa Chingwe, moti kunyumba chakudya anangochisiya m'mbale.

"Mwadwala kodi, bambo a ana?" anafunsa mkazi wake.

"Munthu wosadziwa n'kukoka mzere komwe, akaime kutsogolo kwa anthu? Ine ndili moyo?"

"Si wathu yemwe? Akamutama iye, atama banja lonse."

"Kodi iwe uli mbali iti?"

"Ine ndili kukhitchini," anatero mayiyo, natola mbale n'kutuluka.

Sabata yonse Chingwe ankati akaweramira khasu, maso ali kutsidya. Mlamu akamupatsa moni ankayankha ndi mphuno. Ngakhale kulira kwa mbalame za m'tchiremo kunkamumvekera ngati zikumuseka iyeyo.

Lachiwiri lotsatira mlamu anapita kuchipatala ndi mwana. Dzuwa lili paliwombo, Chingwe anasungunula mankhwala, muyeso kuwirikiza kawiri, nabereka mpope. Anayenda malire onse akupopera duwa lililonse, chitsamba chilichonse, mpaka kulowetsa kampopi m'mphako muja. Mumtima ankadziuza kuti akuthandiza, poti tchire ndi limene limasunga tizilombo. Bodza limenelo analikhulupirira mpaka mpope unauma.

M'mawa mwake kumalire kunali zii. Mlamu anafika pakhomo atafumbata njuchi zakufa m'manja.

"Alamu, mwaona zimene zachitika kumunda?"

"Mwina ndi matenda. Zinthu zam'tchire sizichedwa kufa."

Mayiyo anayang'ana mpope umene unapachikidwa pakhoma, ukununkhabe mankhwala. Anayang'ananso mlamu wakeyo.

"Chabwino, alamu," anatero, nabwerera.

Masabata anadutsa. Mbozi zinalowa m'chimanga cha mlamu, maluwa a maungu ake ankangoyoyoka osabala. Chingwe njala inamubwerera, anayambanso kuimba mluzu popita kumunda. Mitu ya mpendadzuwa wake inakula ngati mbale, ndipo iye ankaiyang'ana ali chapatali, n'kumagwedeza mutu ndi mtima wokhutira.

Tsiku la alendo linafika. Galimoto inatsitsa anthu oposa makumi atatu, ena atanyamula makope. Anaima kwa mlamu kanthawi kochepa chabe, mlangizi akuloza tchire ndi mtengo uja. Kenaka gulu lonse linaoloka malire n'kulowa m'munda mwa Chingwe. Mtima wake unavina. Anapukuta manja m'buluku, nathamangira kutsogolo.

"Takulandirani, takulandirani! Mizere iyi mukuionayi..."

"Dikirani pang'ono, bambo," anatero mlangizi.

Anathyola mutu umodzi wa mpendadzuwa, naupukusa ndi chala. Njere zinagwera m'dzanja lake. Anaswa imodzi ndi mano, nailavula. Anaswanso ina. Kenaka anagawira alendo, aliyense naswa yake. Munalibe kanthu, makoko okhaokha.

Chingwe anathyola mutu wina, wokongola kuposa yonse. Makoko. Anathamangira mzere wachitatu, wachisanu, mpaka pakati pa munda. Njere yodzadza inali imodzi apa, ina uko.

"Munda uwu ndi wa mlimi wakhama kuposa onse kuno," mlangizi anauza alendo. "Feteleza anathira, udzu mulibe. Koma mpendadzuwa umadalira njuchi kuti ubereke bwino, ndipo njuchi zimene zinkabwera muno zinkachokera m'tchire lija. Wina wake anazipopera mankhwala maluwa ali pakati. Minda iwiri yapita tsiku limodzi."

"Mayi, simukumudziwa anachita zimenezi?" anafunsa mlendo wina wachikulire.

Anthu onse anatembenukira kwa mlamu. Mayiyo anayang'ana pansi, nakonza mwana kumsana.

"Ine ndinali kuchipatala, bambo," anayankha.

Mlangizi anatulutsa foni m'thumba.

"Bambo, taimani apa kutsogolo. Kwezani mutu wa mpendadzuwawo m'mwamba kuti makoko aoneke. Chithunzichi tikachionetsa m'madera onse, anthu aphunzirepo."

Chingwe anaima kutsogolo kwa alendo, naukweza. Unali wopepuka ngati chipewa.