Zala Ziwiri za Floridalma

"Kagwireni, mayi, musaope. Sikaluma mwini wake," anatero Don Eusebio, mwini sitolo ya mfuti, akuika kamfuti kakuda pakauntala.

Floridalma anangokayang'ana. Kanali kosaposa chikhatho cha mlongo wake Otoniel, amene anaima pambali pake akudzikupiza ndi chipewa. Dzuwa la m'tauni ya Zacapa linali litayamba kale kuswa mtengo.

"Aka n'kapamwamba, kochokera kunja," anapitiriza mkuluyo. "Kamalowa zipolopolo khumi. Mukakabisa m'chiuno n'kutsitsa bulauzi, ngakhale wansembe sangadziwe. Musaone kuchepa, tsabola wowawa ndi wamng'ono."

"Mtengo wakenso ukuwawa ngati tsabola yemweyo," anatero Otoniel. "Ng'ombe yanga yamkaka yapita chifukwa cha kanthu kolowa m'thumba."

Amunawo anaseka, koma Floridalma sanaseke. Mlungu wathawo Rigoberto, mwamuna wake wakale, anatuluka m'ndende kumene anakhala zaka zitatu chifukwa chomumenya. Kuyambira Lolemba, m'mawa uliwonse ankaimika njinga yamoto tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi benchi imene Floridalma ankagulitsirapo tchizi pamsika. Sankalankhula. Ankangokhala panjingapo n'kumamuyang'ana. Kalata ya woweruza yomuletsa kuyandikira inali m'chikwama cha Floridalma, yong'ambika m'mapindiro. Kawiri konse anaimbira apolisi, ndipo kawiri konse anafika munthuyo atachoka.

"Tiyeni kuseri mukakayese," anatero Don Eusebio.

Kuseri kwa sitoloyo kunali bwalo lalitali lotchingidwa ndi makoma, ndipo kumapeto kwake anapachikako pepala lojambulidwa chifuwa cha munthu. Don Eusebio anawapatsa zotseka m'makutu. Kenako anagwira chitsulo cha pamwamba pa kamfutiko, n'kuchikokera m'mbuyo, n'kuchisiya. Chinabwerera chokha, khwatya!

"Kutchera kwake n'kumeneko. Tayesani."

Floridalma anagwira kamfutiko n'kukoka. Chitsulocho chinasuntha pang'ono n'kumupulumuka. Anapukuta thukuta pasiketi n'kuyesanso. Chinakananso.

"Limba dzanja, Flori," anatero Otoniel. "Iwe umanyamula ndowa ya mkaka wekha, ukanike kachidole aka?"

"Ndikukoka, achimwene."

Apo m'pamene Don Eusebio anayang'anitsitsa dzanja lake lamanja. Chala chamkombaphala ndi chapakati zinali zopindika ngati mizu, ndipo sizinkafumbata.

"Zinatani zala izi, mayi?"

"Chitseko," anayankha Floridalma.

"Chitseko chake chinali ndi mwini wochikankha," anatero Otoniel, n'kulavulira pansi.

Mkuluyo anatchera yekha kamfutiko n'kumugwiritsa kumanzere, dzanja lopunduka lija likuchirikiza pansi. Floridalma analoza pepala lija n'kukhethemula. Kamfutiko kanadumpha ngati nsomba, kutsala pang'ono kumugwa m'manja. Fumbi linabuka pansi, kutali ndi pepalalo. Anawombera kachiwiri, kachitatu. Pepalalo linangokhala chilendewere, lopanda bowo.

"Mwina kameneka n'kakang'ono kwambiri," anatero Otoniel. "Mulibe ina?"

"Zing'onozing'ono zimakankha kuposa zazikulu, zimenezo n'zoona," anayankha Don Eusebio. "Ilipo ina yosafuna kutchera, koma pokhethemulira pake m'polimba kawiri kuposa apa. Ndi dzanja lamanzere angaphunzire, inde. Akamabwera kawiri pamlungu, miyezi inayi kapena isanu."

"Miyezi?" anafunsa Floridalma.

"Ndiye palinso chiphaso choyendera nayo. Mapepala, mayeso, kudikira. Si za lero kapena mawa."

"Koma iye mawa abwera."

Don Eusebio anachotsa zipolopolo zotsala m'kamfutiko mosafulumira, n'kuziika m'thumba la malaya.

"Mayi, ine ndimadya pogulitsa zinthu zimenezi, ndipo ndalama zanu ndikuzifuna. Koma ndikuuzeni ngati mwana wanga. Munthu akakuyandikirani inu mukulimbana n'kutchera, mfutiyo si yanunso. Ndiye kuti mwamunyamulira iyeyo."

Floridalma anavula zotseka m'makutu zija n'kuziika pathebulo. Kwa masiku anayi ankagona poganizira kamfuti kameneka. Ankadziona ataima pabenchi yake, dzanja lili m'chiuno, akumuyang'ana Rigoberto m'maso osaphethira. Tsopano anangomva zala zake zikutukutira ndi ululu.

"Ndigula ineyo," anatero Otoniel mwadzidzidzi. "Chiphaso ndili nacho. Ndizikhala pabenchi pako kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Angoyerekeza kuwoloka msewu, aona."

"Mpaka liti, achimwene?"

"Mpaka atatopa."

"Munthu amene wadikira zaka zitatu angatope ndi mlungu umodzi? Ng'ombe zotsalazo azikama ndani? Nanga mukamuwombera, inu kundende, alamu ndi ana anayi atsale akudya chiyani? Akayamba iyeyo kukuvulazani, ine ndikawauza chiyani amayi?"

"Ndiye tingokhala manja lende?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kawomboleni ng'ombe yanu."

Otoniel anavala chipewa chake n'kutsogola kutuluka. Don Eusebio anakana kulandira ndalama ya zipolopolo zitatu zija.

Anakwera galimoto ya Otoniel n'kuyenda mpaka pamphambano yolowera kumsika. Floridalma anatsetsereka pampando mpaka mutu wake unabisika pansi pa windo.

"Alipo?" anafunsa.

Otoniel anaponya maso tsidya lina la msewu.

"Alipo."

"Musaime. Tipite kusukulu tikamutenge mwana wanga Marleny."

"Sanaweruke mwanayo."

"Ndikawapempha aphunzitsi. Basi ya ku likulu imanyamuka thu koloko. Azakhali ananena kale kuti chipinda chilipo."

"Nanga benchi? Zaka khumi ndi ziwiri uli pamenepo, Flori. Makasitomala ako onse..."

Floridalma anapisa m'chikwama, n'kutulutsa makiyi awiri a benchi yake omangidwa pachingwe chofiira, n'kuwaika pantchafu pa mlongo wake.

"Alamu akagulitse tchizi chotsalacho chisanawonongeke. Sikelo imanama pang'ono, aziithandiza ndi chala. Akafunsa anthu, muziti ndadwala."

Otoniel anakhotera kumanja, njira yopita kusukulu. Floridalma anakhalabe chibisalire pansi pa windo mpaka phokoso la msika linazilala kumbuyo.