Nkhumba ya Tionge

A Lyson Chavula amagulitsa misomali, maloko ndi penti pafupi ndi msika wa pa Mzimba Boma, koma wogula aliyense ankachokapo atamvanso za Tionge. Tionge ndi mwana wawo wachiwiri. Anaphunzira za zamoyo za m'madzi, ndipo chaka chino anakwera sitima ya akatswiri ofufuza za pansi pa nyanja yamchere ya India.

"Amatsika yekha mpaka pansi penipeni," a Chavula ankauza anthu. "Kumene kuli anamgumi aakulu ngati basi ya ku Mzuzu. Mwana wolimba mtima chomene."

Iwo eni, madzi akuya amene anawaolokapo anali a mtsinje wa Mzimba, atapinda buluku mpaka m'maondo.

Akazi awo, a NyaMoyo, nkhaniyi sinkawakomera. Chimvereni zoti mwana amatsika pansi pa nyanja, mtima sunkakhala m'malo. Kumufunsa mwini wake ankaopa, poti angamve zoposa pamenepo.

Tsiku lina Tionge anatumiza uthenga pafoni kuti Loweruka masana ntchito yawo idzaonetsedwa pa intaneti, ikuchitika. A Chavula anatseka shopu n'kuthamangira kwa Calvin, mwini wa nyumba ya vidiyo imene anthu amaoneramo mpira. Anagwirizana kuti adzaonere pa kanema wamkulu uja mpira usanayambe. Kenaka anaitana a kutchalitchi, a kabaza, amayi a tomato, ngakhalenso alamu awo a Tumbikani, amene anapalasa njinga kuchokera ku Manyamula.

Loweruka mabenchi anadzaza. A Chavula anavala jekete ngakhale malata ankaotcha. Calvin analumikiza foni ku kanema, ndipo panaoneka mdima. Mumdimamo munkagwa timadontho toyera, mzungu wina akumveka kulankhula m'Chingerezi.

"Yafa iyi," anatero wa kabaza wina.

Calvin anamenya kanemayo pambali. Anazula chingwe, n'kuchiuzira, n'kuchibwezera. Timadontho tinapitiriza kugwa. Ali pafupi kukwera padenga kukagwedeza dishi, a Lucia, namwino wochokera ku Dedza, anamugwira malaya.

"Dikirani, achimwene. Mzungu akulankhulayu akuti kanema wanu ali bwino. Akuti timeneti ndi tinyenyeswa ta zamoyo zakufa, timagwa kuchokera pamwamba pa nyanja. Zapansizo zimadya timeneti."

"Ndiye tabwera kudzaonera nyenyeswa?" anafunsa a Tumbikani.

"Anamgumi ali m'munsi, alamu," anayankha a Chavula. "Dekhani."

M'munsimo munali matope. Magetsi a chombo chimene chinatsika ndi kamera anaunika matope otuwa, osalala, opanda ngakhale udzu. Chombo chinayenda, matope anapitirira. Amayi ena a tomato anatuluka mwakachetechete kukaona malonda awo. A Tumbikani anati dimba lawo mvula ikakokolola limaoneka chimodzimodzi, ndipo iwo saitana anthu.

Mwadzidzidzi mawu a mtsikana anakuwa m'Chingerezi, chombo n'kuima. A NyaMoyo anadzuka pabenchi.

"Ndi iyeyo!"

Kamera inayandikira. Pamatopepo panali kanthu konenepa, kofiirira, kosalala ngati kakhanda ka mbewa, kali ndi timiyendo tambiri tofufuma. Kankayenda mwaulesi, kakuvundula matope ndi kukamwa.

Anthu anasendera kutsogolo kuti aonetsetse. Kenaka a Tumbikani anati, "Alamu, namgumi wanu wabereka nkhumba."

Anthu anaseka mpaka mabenchi kugwedera. A Lucia, akupukuta misozi, anati a Tumbikani sanalakwitse kwenikweni, chifukwa ofufuzawo nawonso amakatcha nkhumba ya m'nyanja. Kuseka kunayambiranso. A Chavula anavula jekete n'kuliika pamiyendo.

Pakona ya kanema panatuluka chithunzi china chaching'ono. Munali chipinda chodzaza makompyuta, ndipo Tionge anakhala pampando wofewa, zomvera zili m'makutu, kapu ya tiyi ili pambali. Anapempha anzake kamphindi, n'kuyang'ana kamera.

"Adada na amama ku Mzimba, monire! Ngati mukuonera, kanyama aka ndi kamene ndakhala ndikukafuna. Kamadya matope n'kuwasefa, ngati nyongolotsi m'munda. Tikufuna tidziwe kuti kakasowa, pansi pano padzakhala bwanji."

"Yewo, mwana wanga!" anakuwa a Chavula, ngati angawamve.

Koma a NyaMoyo ankayang'anitsitsa mpando uja. Anatembenukira a Lucia.

"Anamwino, tandiuzani bwino. Mwanayu ali m'madzi kapena ali pampando?"

"Ali pampando, mayi, m'sitima, pamwamba. Chimene chatsikacho ndi makina okhaokha. Mulibe munthu."

"Masiku onsewa?"

"Ntchito yake ndi yomweyo."

A NyaMoyo anakhala pansi pang'onopang'ono. Anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, moti a Lucia sanadziwe ngati akulira kapena akuseka. Atachotsa chitenjecho anayang'ana amuna awo.

"A Chavula, zotsika zija anakuuzani ndani?"

"Iye anati akufufuza pansi pa nyanja. Mbwenu munthu ungafufuze bwanji pansi uli pamwamba?"

"Ine kusala kudya Lachisanu lililonse, kupempherera munthu amene akumwa tiyi!"

Apa ngakhale a Chavula anaseka, akukanda m'mutu.

Nthawi ya mpira itakwana, anyamata anayamba kusuzumira pakhomo. Calvin anafika kuti azule foni, koma wa kabaza uja anamuletsa, chifukwa nkhumba yachiwiri inali itatulukira ndipo ankafuna aone ngati zimenyane. Sizinamenyane. Zinadutsana ngati sizidziwana, iliyonse ikudya matope ake.

Foni itabwezedwa, banjali linakhala pakhonde la Calvin kupitiriza kuonera pa kagalasi kakang'ono, mitu itagundana. A Tumbikani anafunsa ngati kanthuko kamadyedwa. A NyaMoyo sankasamala za nkhumbazo. Ankamvetsera mawu a mwana wawo.

"Ali ndi chimfine uyu," anatero. "Mukumva mmene akukokera mphuno? Mulembereni avale juzi."

A Chavula analemba ndi chala chimodzi, akutchula chilembo chilichonse. Patapita kanthawi, Tionge anayang'ana pansi, n'kumwetulira, n'kutuluka m'chithunzi. Anabwerako atavala juzi yobiriwira, yaikulu kwambiri, yoonekeratu kuti wabwereka kwa mnzake.