Mkono wa M'mphepete mwa Chithunzi

Amuna anga anali munthu wokana kujambulidwa. Ukangotulutsa foni, iwo ankaphimba nkhope ndi chipewa n'kumati, "Mukufuna kundiona? Si ine ndili panoyu?" Ndiye atamwalira chaka chatha tinasakasaka m'nyumba monse, chithunzi chawo osachipeza. Chinalipo n'chimodzi chokha, cha pa chitupa cha kuntchito. Tinakachikulitsa n'kuchiika mu fulemu pamwamba pa kabati.

Koma abale inu, chithunzi chake! Maso ali tong'o, kukamwa kuli kotseka, ngati munthu amene apolisi akumusaka. Munthu amene ankaseka mpaka kutsokomola, ana ake azimukumbukira ndi nkhope imeneyo? Zinkandiwawa m'mawa uliwonse ndikamapukuta fumbi pa kabatipo. Choopsa n'chakuti inenso ndinayamba kuiwala. Ndikatseka maso kuti ndiwaone, ankabwera ndi wa pa chitupa uja.

Mzime wanga, mtsikana wa folomu 3, analowa mpikisano wojambula zithunzi wa ana a sekondale. Atabwereka kamera ya kusukulu kwawo mtendere unatha pakhomo. Anajambula mphaka, anajambula ndowa, anajambula anthu obwera kudzayesa zovala, mpaka anagona pansi kunsi kwa makina anga osokera, akuti akufuna "kuwala kwabwino". Tsiku lopereka mphoto litafika anandiumiriza kuti tipite limodzi. Ine ndinali ndi madiresi a eni ake oti ndimalize, koma mwana ndi mwana. Ndinatseka makina, n'kuvala bulauzi yanga yabwino.

Zithunzizo anazipachika mu holo ya laibulale, pa zingwe, ndi zopanira zovala. Cha mzime wanga ndinachipeza msanga. Anali mapazi anga ali pa chopondera cha makina, ming'alu yonse ya ku zidendene ili poyera kuti tauni yonse ione.

"Iwe mwana iwe, pa thupi langa lonseli unasankha zimenezi?"

"Amayi, ndi luso limenelo."

Luso lakelo silinapambane. Atatchula mayina atatu, lake mulibe, nkhope inagwa. Ndinamugwira paphewa n'kumuuza kuti tiye tikaone chimene chatiposacho, mwina tiphunzirepo kanthu.

Chithunzi chopambanacho anachiika pachokha, chachikulu, pafupi ndi zenera. Paipi ya madzi inali itaphulika mumsewu, madzi akuthovokera m'mwamba, ndipo tiana tinayi tinkadumphadumpha m'madzimo, kena kali ndi yunifolomu, kena kabudula yekha. Chinali chokongola, zimenezo sindingakane. Ndinali pafupi kuchokapo pamene maso anga anagwera m'mphepete, cha kudzanja lamanja.

Panali mkono. Mkono wokha, kuyambira pachigongono, utagwira sipanala yaikulu. Chala chachikulu chinalibe chikhadabo. Lamba wa wotchi anali wosokedwa ndi ulusi wofiira.

Ulusi umenewo ndinasoka ndine, tsiku limene wakuda unandithera. Chikhadabocho chinachoka ana asanabadwe, chitapanidwa ndi chivindikiro cha thanki. Amuna anga anali pulambala, ndipo sipanala imeneyo ili kuseri kwa chitseko kwathu mpaka lero.

Ine ndimadziwika kuti pakamwa panga palibe buleki. Ndinangozimva ndikukuwa.

"Ndani wadula amuna anga?"

Holo yonse inati zii. Bambo wina amene ankamwa madzi anatsamwa.

"Amayi, mukundichititsa manyazi," ananong'ona mzime wanga, akundikoka bulauzi.

"Taona apa. Taona bwinobwino."

Anayang'ana. Dzanja lake linasiya bulauzi yanga pang'onopang'ono. "Ndi abambo," anatero.

Kunabwera mphunzitsi wina wa tayi, kumbuyo kwake kukubisala kamtsikana kowonda ka magalasi, katakumbatira chikho chimene kanali katangolandira kumene. Kameneko ndi kamene kanajambula chithunzicho. Ndinafotokoza zonse mosakonza bwino, ndikuloza wotchi, ndikuloza chala. Mphunzitsiyo anavula magalasi ake n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mayi, wolakwa ndine," anatero. "Bamboyo analimo yense. Ndinamuuza mwanayu kuti amudule chifukwa ankakoka maso a anthu, pomwe nkhani ya chithunzichi ndi anawa."

"Chabwino, munadula. Nanga mbali inayo munaiika kuti?"

"Kamera ndi ya sukulu, mayi. Mwana akamaliza timafufuta zonse kuti wina agwiritse ntchito. Papita miyezi yambiri."

Zinali ngati andiuzanso kachiwiri uthenga wa kuchipatala uja. Ndinakhala pa mpando wa pulasitiki umene wina anandikankhira, ndipo sindinafune kuyang'ana munthu aliyense.

Kenaka ndinamva kadzanja kozizira pa mkono wanga. Kanali kamtsikana kaja.

"Mayi, simundikalipira?"

"Ndikukalipire chiyani, mwanawe?"

"Ndinawajambula osawapempha. Ndimaopa kuti mwina ndi mlandu." Kanakonza magalasi ake. "Chathunthucho chilipo. Ndinali nditachitsukitsa kale aphunzitsi asananene zodula. Chili kwathu."

Sindikumbukira bwino za m'basi imene tinakwera popita kwawoko. Ndimangokumbukira kuti mzime wanga, amene anali atatupa ndi mkwiyo chifukwa cholephera, ndi amene ananyamulira mnzakeyo chikho njira yonse.

Kwawo kunali pamwamba pa sitolo ya penti, kokwera ndi masitepe opapatiza. Mayi ake, namwino, tinawapeza akusita yunifolomu pa tebulo lodyera. Mwana wawo asanatsegule n'komwe pakamwa, ine ndinali nditaona kale. Pakhoma, pamwamba pa tebulolo, pakati pa kalendala ndi wotchi, panali amuna anga.

Anali m'kati mwenimweni mwa madzi. Mwendo umodzi uli m'mwamba, akumenya madzi kuti athovokere tiana tija, malaya atamatirira pamimba, chipewa chitapendekeka. Kukamwa kunali yasa, mpata wa dzino lawo lochoka uja ukuoneka, maso atatsinzinika ndi phwete. Ndinachita kukumva kutsokomola kumene kunkabwera pambuyo pa kuseka koteroko.

Ndiye ndinayang'ana kumapazi. Nsapato zachikopa zatsopano! Tsiku limenelo ndikulikumbuka bwino. Anabwera kunyumba ali chonyowa, nsapato zikulira kuti fwa fwa, n'kundiuza ndi nkhope yachisoni kuti paipi inavuta kutseka, analimbana nayo mpaka thukuta. Ine mpaka ndinawawiritsira madzi osamba, ndikuwamvera chisoni. Kani bambo wamkulu ankasewera ndi ana a eni ake, sipanala ili m'manja, ntchito itaima!

"Wabodza iwe," ndinatero, misozi ikutsika. "Wabodza wamkulu."

Namwinoyo anaimika simbi, akutiyang'ana modabwa. Mwana wake anati, "Amayi, awa ndi akunyumba kwa Achiseko."

"Achiseko?" ndinafunsa.

"Pepani, mayi, ndi dzina limene tinawapatsa muno, poti lenileni sitilidziwa," anatero namwinoyo, nkhope itawala. "Iii, ndiye mwatipeza bwanji? Mukawauze kuti atithandiza kwambiri bambo amenewa. Ine ndikabwera kuntchito nditaona zoopsa, ndimakhala apa n'kuwayang'ana, mtima umatsika. Ngakhale tikayambana muno, wina amangoti, taonani Achiseko akutiseka, basi nkhani yatha. Ali bwanji? Bwanji simunabwere nawo?"

Anayankha ndi mzime wanga.

"Anatisiya chaka chatha."

Namwinoyo anakhala pansi. Anagwira pakamwa, ndipo analira ngati wataya mbale wake weniweni. Tinalira tonse anayi pa tebulo la eni ake, yunifolomu ili pomwepo yosita theka. Munthu wokana kujambulidwa uja, amene ife tinkamusaka m'masutikesi ndi m'mafoni akale, anali pakhoma la anthu osawadziwa miyezi yonseyi, akudya nawo, akuwayanjanitsa akakangana.

Atapukuta m'maso, namwinoyo anakwera pa mpando n'kuchotsa chithunzicho ndi fulemu yomwe. Pakhomapo panatsala malo oyera a makona anayi, ndi msomali.

"Tengani, mayi. Ndi wanu."

Mawu akuti zikomo ndi aafupi kwambiri. Ndinagwira manja a kamtsikana kaja onse awiri, n'kukauza kuti, "Mwanawe, chikho chakocho anakupatsa chifukwa cha theka la chithunzi. Theka linalo lilibe chikho chake, koma wandibwezera mwamuna wanga. Mulungu akudalitse, iwe ndi maso akowo."

Kanangoti mutu zyoli, magalasi atachita nthunzi.

Koma msomali uja unkandivutitsa. Tili pakhomo ndinabwerera. "Amayi, mawa ndipita nacho kotsukitsa zithunzi, akachijambulenso. China ndibweretsa. Munthuyu anazolowera kwanu, asasowe pa tebulo."

Ndinachitadi zimenezo. Ndinasokeranso kamtsikanako chikwama cha kamera, cha thonje m'kati, ngakhale kamera yakeyake sikanagule. Kadzagula, ine ndikudziwa. Mphunzitsi uja naye anabwera kudzapepesa, ndipo atachiona chathunthucho anavomera kuti zoona bamboyu amakoka maso. Ndinamuuza kuti zimenezo ndinazidziwa kalekale ine, ndili mtsikana. Mzime wanga akuti chaka chamawa alowanso mpikisanowo, ndipo ndamulonjeza kuti ajambule chilichonse chimene akufuna, ngakhale zidendene. Sindidzabisanso nkhope kwa mwana wonyamula kamera.

Cha pa chitupa chija tinachiika mu dilowa. Pamwamba pa kabati pali Achiseko tsopano, mwendo uli m'mwamba. M'mawa uliwonse ndikamapukuta fumbi ndimawafunsa za nsapato zija, kuti anaganiza chiyani kulowa nazo m'madzi, zatsopanotsopano, munthu wamkulu ndi imvi zake. Ndimawakalipira ndithu, mokweza, mpaka mphaka amathawa.

Iwo, monga mwa masiku onse, amangoseka.